Hopu wa a Vitus Wometa

Tayerekezani m'mawa wina wa mwezi wa Meyi m'mudzi mwathu muno. Belu la kutchalitchi langolira kumene, mame akali pa mawaya a minda ya hopu, ndipo mathirakitala ayamba kutsokomola. Mukutsika ndi msewu wa kusukulu, ndipo kuseri kwa nyumba yometera mukumva munthu akukalipa.

"Dzulo ndinakuuza chiyani? Uku! Osati uko, uku!"

Mukadasuzumira pa mpanda simukadapeza mwana kapena galu. Mukadapeza a Vitus Zirngibl, wometa wa mudzi uno, atavala jasi lawo loyera, chipeso chili m'thumba la pamtima, akudzudzula chomera.

Kwathu kuno m'chigawo cha Hallertau hopu amamera ngati wachita kutumidwa. Ukaiwala njinga pa mpanda sabata imodzi, umakaipeza atayikulunga. Ana amene ndinawaphunzitsa kwa zaka makumi atatu ena ankavutika ndi samu zogawa, koma ukafunsa chimene chimawawitsa mowa ndi kuupatsa fungo, manja onse ankakwera m'mwamba: timaluwa tobiriwira ta hopu. M'chigawo chonsechi munthu mmodzi yekha ndiye amene hopu anamukana, ndipo anali a Vitus.

Chimene ankafuna si mowa ayi. Kunyumba yomwera ya m'mudzi muno kuli tebulo lozungulira pafupi ndi mbaula, pamene alimi amakhala Lamulungu lililonse Misa ikatha. Lamulo lake silinalembedwe paliponse, koma aliyense amalidziwa: pamakhala munthu amene anathyolapo hopu wolima yekha. A Vitus ankakhala ndi ine pa katebulo ka pakhomo, pamene mphepo imalowera. Mitu yonse ya patebulo lalikulu ija ankaidziwa bwino, dazi ili ndi chipsera icho, koma Lamulungu ankaionera kumbuyo, monga ankaionera masiku ena onse kuntchito.

Chowawa kwambiri chinali chakuti wolamula patebulopo anali mlamu wawo. A Vitus anakwatira a Burgl, mwana wa mlimi, ndipo mchimwene wa a Burgl, a Korbinian Haslbeck, anali ndi munda wa hopu woti kuuzungulira wapansi unkafuna kamba.

"Alamu, mpando ulipo," ankatero a Korbinian osacheuka. "Mungobwera ndi hopu wodzaza chipewa basi."

"Ndidzabwera ndi ngolo."

"Chipewa, alamu. Ngolo tilibe poimika."

Kunena zoona a Korbinian sanali oipa mtima. Anawalonjeza muzu wa m'munda mwawo ndipo anawauza lamulo lalikulu la ntchitoyi: mphukira zikatuluka uzikulunge pa waya momwe mivi ya wotchi imazungulirira. A Vitus analandira lamulolo, koma muzuwo anaukana. Anatenga fosholo, napita kumtsinje, nakumba hopu wa m'tchire.

"Wanuyo ndi woleredwa m'manja," anatero. "Uyu wadzilera yekha. Ali ngati ine."

Anaimika mlongoti, namanga waya, nakweza mpanda kuti mlimi aliyense asaone. Kenaka anayamba kudikira ngolo ija.

Chaka choyamba hopu anafika m'chiuno n'kuima. A Vitus anati vuto ndi njala. Manyowa a ng'ombe anawakana, nayamba kukwirira tsitsi lonse limene ankasesa m'nyumba yometera.

"Tsitsi la alimi ili," anandiuza akusesa langa. "Nzeru zawo zonse za hopu zili mmenemu, poti m'mitu simunatsale kanthu. Lanu ndikutaya, aphunzitsi. Lingandimeretsere madikishonale."

Chaka chachiwiri anati vuto ndi kuonda. Anatenga sizasi n'kudula nsonga zonse, poti tsitsi ukalidula limamera lochindikala. Hopu ukamudula nsonga amangosiya kukwera, ndipo uyu anasiyadi. Anakhala chaka chonse ali wopinimbira, koma wometedwa bwino kuposa chomera chilichonse m'dziko muno.

Chaka chachitatu kunabwera nsabwe pa masamba. Apa a Vitus anasangalala, chifukwa nsabwe ndiye ankazidziwa. Theka la kalasi yanga linadutsapo m'manja mwawo pa nkhani yomweyo. Anatenga sopo wa nsabwe za m'mutu ndi kachipeso ka mano ang'onoang'ono, napesa tsamba lililonse mbali zonse ziwiri. Nsabwe zinathadi. Masamba nawo anatsagana nazo.

Zaka zotsatira anayesa zonse. Anathirira m'mawa, anathirira madzulo, anasiya kuthirira. Anathirako mowa kuti chomeracho chidziwe kumene chikupita. Anasuntha mlongoti, nasintha waya. Aliyense wokhala pa mpando wometera ankafunsidwa maganizo, ndipo aliyense ankavomereza maganizo a a Vitus.

Koma ntchito yaikulu inali ya m'mawa ija. Tsiku lililonse ankapeza mphukira zitamasuka pa waya, zina zitagwa pansi, zina zitayamba kukwera zokha mozungulira kwina. A Vitus ankazimasula modekha, n'kuzikulunganso momwe iwo ankafunira, uku akuzipatsa mwambo. Kukacha ankapeza zabwerera. Ine, amene ndinabwera kuno ndi mabuku ndipo hopu ndimamudziwa wa m'tambula yekha, ndinkangoti chomeracho n'chamwano.

Tsiku lina ndinawafunsa a Burgl, poti iwo anakulira m'munda.

"Mayi, kodi inu simukuona chovuta?"

"Ndinaona tsiku loyamba, aphunzitsi. Ndinawauza kuti bambo, mukukulunga mobwerera. Anandiyankha kuti akutsata wotchi."

"Ndiye munangosiya?"

"Munthu amene amagwira lumo pakhosi pa anzake tsiku lonse anazolowera kuti aliyense azingoti inde. Komanso akakhala kudimba, ine kukhitchini ndimamwa khofi mwamtendere."

Zinaululika m'chaka chachisanu ndi chiwiri, Loweruka lina. Ine ndinali pa benchi kudikira. A Korbinian anali pa mpando, thovu lili mbuu kumaso, lumo lili pakhosi.

"Lamulo lanu lija ndi labodza, alamu," anatero a Vitus. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndikutsata wotchi."

"Tandionetsani momwe mumakulungira," anatero a Korbinian, milomo yokha ikugwedera.

A Vitus anazunguliza chala m'mwamba.

"Wotchi siyenda choncho."

"Siyenda choncho? Ndakhala ndi wotchi zaka makumi anayi! Nayo iyo!"

Analoza ndi lumo. Tonse tinayang'ana kumene analoza, ndipo kunali pa kalilole wamkulu wa kutsogolo. Wotchi yeniyeniyo inali pa khoma la kumbuyo kwawo. Zaka makumi anayi a Vitus ankaimirira chofulatira wotchiyo, n'kumaiwerenga m'kalilole, momwe mivi imayenda mobwerera.

A Korbinian anafuna kuseka, koma lumo linali litabwerera pakhosi. Mimba yokha ndiyo inkanjenjemera pansi pa nsalu, misozi ikuboola tinjira m'thovu.

"Nanga wotchi ya patchalitchi?" ndinafunsa ine. "Simunaone kuti imayenda mosiyana?"

"Ndinaona. Ndinkati ndi za ansembe."

Anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana wotchi ya pa khoma kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake amene ankangomumvera mbiri. Kenaka anaika lumo pansi n'kutuluka. A Korbinian anatsala ndi ndevu za mbali imodzi, ndipo anapita nazo ku Misa choncho.

Hopu uja atangosiyidwa kuti azungulire kwake, anachita ngati mkaidi womasulidwa. M'sabata ziwiri anapitirira mpanda. Pofika mu Juni anali atatha mlongoti, nagwira denga, nayamba kufunsira mlongoti wa wailesi yakanema. A Vitus anachotsa matabwa awiri a mpanda kuti odutsa aone. Anayamba kufunsa mtengo wa ngolo.

Mu Julaye anachita maluwa. Anali ambiri, ang'onoang'ono, otuwa, olendewera ngati ngayaye, ndipo mphepo ikawomba ankatulutsa kafumbi. A Korbinian anawaona ali pa thirakitala, ndipo anaima mwadzidzidzi mpaka chipewa chinagwa.

Apa ndifotokoze monga ndinkachitira m'kalasi. Hopu ali pawiri, wamkazi ndi wamwamuna. Timaluwa ta mowa timachokera kwa wamkazi yekha, ndipo m'minda yonse ya kuno mulibe wamwamuna ngakhale mmodzi. Kafumbi kake kakafika m'munda, timaluwa timachita njere, ndipo ofulula mowa satifuna. N'chifukwa chake wamwamuna akapezeka amadulidwa tsiku lomwelo. Amene a Vitus anakumba kumtsinje, namudyetsa tsitsi, namupesa, namulangiza zaka zisanu ndi ziwiri, anali wamwamuna, ndipo tsopano anali ataima pamwamba pa denga, pakati pa minda ya mudzi wonse.

Masana omwewo tebulo lonse lozungulira linafika pa chipata, zipewa zili m'manja. Kanali koyamba kuti alimi abwere kwa a Vitus alibe tsitsi lometetsa.

"Alamu," anayamba a Korbinian, mawu ali ofewa ngati batala, "chomera chanu n'chokongola."

"Ndikudziwa."

"Koma ndi chachimuna."

"Ndinkadabwa," anatero a Burgl ali pa zenera. "Chosamva chonchija."

Palibe anaseka, chifukwa mphepo inali itayamba. A Korbinian anayang'ana kumwamba.

"Dulani lero, alamu. Lamulungu mudzakhale nafe. Tagwirizana tonse."

Ndinkaganiza kuti alumpha ndi chimwemwe. Koma a Vitus anayang'ana nkhope zija imodzi imodzi, napukusa mutu.

"Mpando wa mantha sindiufuna. Munati chipewa."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi nsalu yoyera ndi sizasi yawo yabwino, ija yometera akwati. Anayala nsaluyo mozungulira tsinde monga ankachitira ndi makasitomala, nagwada, nadula. Masamba a pamwamba anatenga ola lathunthu kuti adziwe zimene zachitika. A Vitus anakhala chogwada kanthawi.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "muzu uja ukadalipo?"

"Woleredwa m'manja uja?"

"Womwewo."

Muzu watsopano supereka zambiri msanga, ndipo a Vitus anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu chimodzi. Chaka choyamba panalibe kanthu. Chachiwiri anatseka nyumba yometera, chifukwa manja anayamba kunjenjemera ndipo anthu anayamba kukonda ndevu. Chaka chimenecho timaluwa tinakwana m'dzanja limodzi. Kukalipa kwa m'mawa kunatha. Ukadutsa unkangomva akufunsa motsitsa mawu, "Ukufuna uku? Chabwino, pita."

Chaka chachitatu, Lamulungu loyamba la Sepitembala, chitseko cha nyumba yomwera chinatseguka. A Vitus analowa opanda chipewa kumutu, chifukwa anachinyamula ndi manja awiri ngati mbale ya msuzi. Anadutsa katebulo kathu osandiyang'ana, nachiika pakati pa tebulo lozungulira. Chinali chodzaza mpaka kusefukira.

A Korbinian anatola kaluwa kamodzi, nakafikisa m'manja, nanunkhiza, natseka maso.

"Chipewa chanu n'chaching'ono, alamu."

"Mutu wake ndi waung'ono. Mukuganiza kuti zaka khumi zinatha bwanji?"

A Korbinian anaimirira okha n'kukoka mpando. A Vitus anakhala, nayang'ana uku ndi uku, nkhope ndi nkhope, mpaka anazungulira tebulo lonse.

"Kani kumaso mumaoneka chonchi?" anatero. "Kumbuyo kunali bwino."

A Vitus anamwalira mu Disembala chaka chomwecho, ali pa mpando wawo kunyumba, chipale chofewa choyamba chikugwa.

Masiku ano amuna a m'mudzi muno amakwera galimoto kukameta kutauni, ndipo amabwerako mitu ili bwino koma opanda nkhani iliyonse yofotokoza. Ine ndikamadutsa m'mawa kuseri kwa nyumba ija ndimachepetsabe liwiro, koma kumangomveka mpheta. A Burgl akuti khofi wawo tsopano ali ndi mtendere wochuluka kwambiri, mwakuti amamwera panja. Ine ndimakhalabe pa katebulo ka pakhomo, ndipo mphepo yake ikuoneka kuti inawonjezera kuzizira.

A Vitus Zirngibl analima hopu zaka khumi. Anakolola chipewa chimodzi, cholemera magalamu mazana anayi, ndipo anakhala pa tebulo la alimi masabata khumi ndi anayi.