Sajeni, Tonde Wovina pa Foni

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake n'chotere.

Kufupi ndi msika wa Lizulu kunali mkamwini wina dzina lake Lufeyo Kamtedza, wokonza njinga. Anakwatira Felesiya, mwana wa Anangozo, ndipo ankakhala pakhomo pa apongozi akewo. Chaka chimene netiweki inayamba kugwira bwino m'mudzimo, Lufeyo anagula foni ya kamera, basi mtima wake wonse n'kupita pa kutchuka. Anadzijambula akumata chubu. Anadzijambula akuimba. Anadzijambulanso akukukuta chimanga chootcha. Koma oonera anali atatu okha: iye mwini, mkazi wake amene ankaonera pa foni yomweyo, ndi msuweni wake wa ku Joni amene pa kanema aliyense ankangolemba kuti, "Wanenepa."

Anangozo anali ndi tonde wamkulu wandevu, amene anthu anamutcha Sajeni chifukwa cha kayendedwe kake kodzimva. Tsiku lina wailesi ikulira pakhonde, Lufeyo anakweza kholowa m'mwamba. Tondeyo anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, n'kumapotokola chiuno potsata masambawo, ndevu zili pekupeku. Lufeyo anajambula n'kuponya pa Tikitoki. Mmene kunkacha, anthu zikwizikwi anali ataonera.

Kuyambira pamenepo Lufeyo sanadzijambulenso yekha. Sajeni anavina manganje, anavina ingoma, anavala chipewa cha mlaza n'kuchidya kanema asanathe. Pamsika anthu ankati akamuona Lufeyo, "Si awo a mbuzi aja!" Iye ankangogwedeza mutu ngati bwana, njinga za anthu zili gadaa, osakonzedwa.

Koma Sajeni anali wakuba m'madimba, ndipo Anangozo anatopa ndi kupepesa anthu. Madzulo ena anaitana mwana wawo, n'kulankhula mokweza kuti mkamwini amve ali kuseri kwa nkhokwe, poti sankakhalirana pafupi.

"Felesiya, uwauze akamwini kuti tonde uja ndagulitsa. A Mpinganjira amalonda a mbuzi adzamutenga Loweruka. Ndikufuna feteleza ine, osati gule."

Lufeyo anamva zonse. Anagwada komweko n'kunena, "Amayi, mbuzi imeneyi ikudziwika mpaka ku Joni."

"A ku Joniwo amadzandilimira?" anafunsa Anangozo. Nkhani inathera pomwepo.

Lachisanu masana, anthu onse atapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo, Lufeyo anamasula Sajeni n'kudzera naye njira zam'tchire mpaka kwa mlongo wake Elube, kuseri kwa phiri. Pobwerera anadula chingwe ndi mpeni, n'kuchigwira m'manja akudikira olira maliro.

"Akuba, amayi! Ndangopeza chingwe chokhachi!"

Anangozo anakhala pansi, manja kumutu. Felesiya anayang'ana chingwe chija, anayang'ananso zisoso zimene zinamata pathalauzi la mwamuna wake. M'mawa mwake a Mpinganjira anafika pa njinga yamoto, dengu lalikulu lili kumbuyo. Atamva nkhaniyo anangoseka pang'ono.

"Musadandaule, mayi. Mbuzi yotchuka sibisika. Ingondipatsani nambala ya mwana wanuyu."

Sabata ziwiri zinatha Lufeyo osaponya kalikonse. Anthu a pa foni anayamba kufunsa. "Sajeni ali kuti?" "Mwamudya eti?" Wina analemba kuti, "Mkuluyu popanda mbuzi ndi wokonza njinga basi." Mawu amenewo anamulasa. Kuwonjezera apo, munthu wina wa ku Dedza anayamba kuonetsa tambala wokwera njinga, ndipo anthu onse anakhamukira kumeneko.

Tsono Lufeyo ananyamuka ulendo wa kwa mlongo wake, atagula bandulo yokwanira tsiku lonse.

"Achimwene, mwati mbuzi inabedwa," anatero Elube. "Mbuzi yobedwa imavina bwanji pa foni ya mwini kudandaula?"

"Iwe sudziwa zinthu izi. Amayi alibe foni. Felesiya yake ndi ya mabatani. Andiona ndani?"

Poyamba anajambula kanema wamfupi n'kulembapo kuti ndi wakale. Anthu sanakhulupirire. "Bodza! Ngati Sajeni ali moyo, tionetseni pompano, tizimuona akuvina." Lufeyo anaganiza pang'ono, kenaka anatsamiritsa foni pamtondo n'kuyatsa zoti anthu azionera zinthu zikuchitika.

Sajeni anali atadya madeya a Elube sabata ziwiri osagwira ntchito. Atangoona kholowa, anadumpha ngati kamwana. Anavina chakutsogolo, anavina cham'mbuyo, anakwera pamtondo wina n'kuzungulira pomwepo. Oonera anachuluka kuposa kale lonse, timitima tikungouluka pagalasi la foni. Lufeyo misozi inalengeza ndi chimwemwe.

Pakati pa mauthengawo panabwera wina wa munthu wodzitcha Wokonda Ziweto. "Bwana, ine ndimamukonda Sajeni kwambiri. Ndili pafupi pompano ndi thumba la madeya, mphatso yake. Ndikupezani kuti?"

"Mwamva, abale anga?" anafuula Lufeyo. "Sajeni walandira mphatso! Bwana Wokonda Ziweto, mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere. Mukawoloka kamlatho muona mtengo wa mango waukulu. Nyumba ya chitseko chobiriwira, ndi pomwepo."

"Achimwene," anatero Elube chapansipansi.

"Takhala chete, ndili pa ntchito."

Sipanapite nthawi yaitali, kunamveka kulira kwa njinga yamoto kuchokera kukamlatho. Lufeyo anakweza kholowa kwambiri kuti mlendo apeze gule ali pachimake. Sajeni anaima chilili, ndevu m'mwamba, akusangalala kuposa tsiku lina lililonse. Njinga inakhota pamtengo wa mango n'kuima pabwalo. Woyendetsa anavula chisoti: a Mpinganjira. Kumbuyo kwawo, patsogolo pa dengu, kunatsika Anangozo, akukonza chitenje.

Lufeyo anafuna kuthawa, koma miyendo inangomufikitsa kuseri kwa khola la nkhuku, kumene anagwada, kholowa akadali m'manja.

"Akamwini," anatero Anangozo osakweza mawu, "akuba aja ndi okoma mtima. Mbuzi yanenepa."

"Amayi, ndinangoipeza lero lomwe..."

"Tamva zonse. Bamboyu anandidzera kunyumba, tabwera tikukumverani njira yonse. Mumalongosola bwino njira, akamwini. Sitinasochere ngakhale pamodzi."

A Mpinganjira anagwira Sajeni, anam'manga miyendo, n'kumuika m'dengu. Foni inali ikadali pamtondo, ndipo anthu onse aja anaona chilichonse. Ena analemba zoseka, ena zolira. Msuweni wa ku Joni analemba kuti, "Wayaluka."

Chaka chimenecho Lufeyo analima munda wonse wa apongozi ake yekha, kuyambira kugalauza mpaka kukolola, foni itatsekeredwa m'sutikesi ya Felesiya. Koma chimene chinatsala m'makutu mwa anthu ndi mawu a Mpinganjira. Asanalize njinga yawo tsiku lija, anawerama pamtondo, anayang'ana m'foni muja, n'kufunsa Elube ngati anthu akumvabe. Atauzidwa kuti inde, anakonza kolala ya malaya awo, n'kuloza dengu kumbuyo.

"Abale oonera, gule wathera pano. Nanunso mukamadumpha kwambiri, muzicheuka. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."