Makava a Injini M'beseni la Soda

Sindine munthu wokonda kufotokoza. Koma nkhaniyi anthu a mu Chawama aipotoza kale. Ena akuti njinga inapsa, ena akuti ndinagwera m'ngalande nditavala suti. Bodza. Zinaipa, inde, koma osati mmene akunenera. Imvani kwa mwiniwake.

Ndagwira ntchito yowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo mpaka tsitsi kuyera. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale kwathu ku Katete, koma chitsulo ndimachidziwa. Njinga yanga yamoto ndi yakale, ya mtundu umene simuuonanso pamsewu, ndipo sinapondepo kwa makanika. Ndimaikonza ndekha.

A Tembo, amene timapemphera nawo, anandipempha kukhala nkhoswe ya mwana wawo Limbikani. Mtsikana amene ankafuna kukwatira ndi Mbemba, dzina lake Mutale, mwana wa a Mulenga a ku Kabanana. Kwa Abemba nkhoswe amati shibukombe. Ntchito yake yoyamba ndi kunyamula mbale ziwiri zovundikirana, zomangidwa m'nsalu yoyera, kukatula pamaso pa makolo a mtsikana. Akazilandira, khomo latseguka. Akazibweza, mnyamata akafune kwina. Tsiku linali Loweruka, teni koloko m'mawa.

Anasankha ine chifukwa sindiseka chisawawa. Ndinaona kuti asankha bwino.

Lachinayi ndinaima n'kuiyang'ana njinga ija. Matayala bwino, tcheni bwino. Koma makava, zivundikiro ziwiri za m'mbali mwa injini, anali atachita chikasu ngati mano a wosuta fodya. Nkhoswe sifika pakhomo la eni ndi mano otero. Ndinati ndiwamasule, ndiwakwechese, awale.

Pomasulapo sindinalakwe kanthu, ndipo mulembe zimenezo. Oyilo ndinayamba ndamukhuthulira m'chigubu. Mabawuti a kava salingana kutalika, choncho ndinaboola katoni n'kusomeka lililonse pamalo pake. Kava yakumanzere inatuluka yokha. Yakumanja, imene imasunga oyilo, ndinaigogoda pang'onopang'ono ndi chipika mpaka inalola. Palibe makanika wa m'tauni amene akanachita moposa apo.

Ndinayamba ndi sandipepa. Ola lathunthu, malo owala osaposa chikhatho. Zala zinayamba kudandaula (ukalamba umayambira m'zala, osati m'mutu monga anena achinyamata). Ndipamene maso anga anagwera pa chitini cha soda ya mkazi wanga, amake Tisa. Iwo amapanga sopo wogulitsa, ndipo soda yake ndi yaukali ija yosagwira ndi manja. Ine ndaisungunulapo kambirimbiri pochotsa penti wakale pa mageti. Geti limatuluka loyera ngati lobadwa lero. Ndinati chitsulo ndi chitsulo.

Muyenera kudziwa kuti pakhomo panga pali lamulo. Ndikagwira sipanala, wina asandilankhule. Ana anakula nalo mpaka kukwatiwa. Amake Tisa akhala nalo kuyambira tili m'kachipinda kamodzi ku Kanyama.

Ndinathira madzi m'beseni lapulasitiki, n'kuwonjezera soda yambiri ndithu. Amake Tisa anali pakhonde akusankha nyemba. Ataona ndanyamula makava, anaika lichero pansi.

"Atate ake Tisa, ivo vinthu..."

Ndinakweza chala chimodzi. Anatseka pakamwa, natola lichero lawo. Ndinamiza makava onse awiri, ndinasamba m'manja, n'kupita kukameta. Nkhoswe iyenera kumeta.

Kometerako kunali mzere, ndipo panali mkangano wa mpira umene unafuna munthu wamkulu kuti auweruze. Ndinachedwa.

Pobwera, fungo linandilandira pa geti, lobaya m'mphuno. Beseni linali kuwira popanda moto, thovu lotuwa likusefukira pansi. Ndinavuula makava ndi pulayala n'kuwatsuka pa mpopi. Anali bii ngati makala, okhakhala ngati khungu la chule. Yakumanja ndinaikweza kuloza kudzuwa. Dzuwa linandisuzumira m'timabowo titatu.

Ndinapita pakhonde.

"Munadziwa?"

"Soda imadya mapoto," anatero amake Tisa, maso ali pa nyemba. "Makava yanu na mapoto yanga ni vimodzi, aluminiyamu. Mkazi aliyense adziwa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munakweza chala."

"Chala n'chala. Mukanakuwa."

"Zaka zonse izi, nikuwe lero?"

Ndinawauza kuti nyemba zawo zili ndi miyala yambiri.

Lachisanu ndinazungulira m'tauni ndi kava m'chikwama. Ogulitsa zitsulo zakale ankaitembenuza, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu. Wina anati, "Ba mudala, iyi njinga inabwela na bazungu bakale, sipeya yake ili kumanda." Wina anandilangiza kuti ndikagulitse kwa osungunula mapoto. Ndinagula phala lomatira zitsulo ndi kachitini ka penti wasiliva. Ndinamata mabowo, ndinapenta, ndinadula gasiketi yatsopano yotchinga oyilo, n'kumanga zonse, bawuti lililonse pamalo pake. Ukaima patali, njinga inali yowala ndithu. Chimene sindinaone n'chakuti soda inadyanso m'mphepete mwa kava, pamene imakhudzana ndi injini.

Loweruka ndinavala suti yanga yotuwa, mbale ndinaziika m'chikwama kumsana, ndi kunyamuka. Kuchoka ku Chawama kudutsa pakati pa tauni zonse zinali bwino. Nditafika cha ku Mandevu ndinamva mwendo wakumanja ukufunda. Ndinati ndi dzuwa. Kondakitala wa minibasi anandikuwira, "Ba mudala, njinga yanu ikodza!" Ndinati ndi mwano wa makondakitala, ndipo sindinayang'ane pansi (munthu wamkulu sayang'ana kumene kondakitala waloza).

Ndinafika nthawi isanakwane. Potsika m'pamene ndinaona. Buluku kuchokera pa bondo mpaka pansi linali lakuda, lonyezimira. Nsapato inali kulira chwaa chwaa. Ndinayesa kupukuta ndi dzanja, ndipo ndi dzanja lomwelo ndinatulutsa mbale. Nsalu yoyera ija inalandira zala zanga zinayi.

Kubwerera kunali kosatheka, eni nyumba anali atandiona kale pa windo. Ndinalowa.

M'nyumba munali a Mulenga, akazi awo, ndi azakhali a mtsikana, mayi wamkulu wovala magalasi amene anakhala pakati ngati woweruza. Pansi panali matailosi oyera. Ndinapereka moni, ndinagwada, ndinatula mbale, ndi kunena mawu amene a Tembo anandituma. Ndinawanena bwino. Koma palibe amene ankayang'ana pakamwa panga. Onse ankayang'ana mapazi akuda ochokera pa chitseko kufika pamene ndinagwada.

Azakhali anatsitsa magalasi.

"Ba shibukombe, ni imwe mutaya oyilo, olo ni njinga?"

"Njinga. Kava ya injini inadyeka."

"Inadyeka na chani?" anafunsa a Mulenga.

Ndikanati dzimbiri. Ndikanati makanika wina anaononga. Koma nkhoswe ikanama tsiku loyamba, mawu ake onse otsatira ndi mphepo, ndipo wovutika akanakhala mwana wa eni.

"Soda."

"Soda ya sopo?" Azakhali anawomba m'manja kamodzi. "Pa aluminiyamu? Kunyumba kwanu kulibe mukazi?"

"Alipo."

"Anali kuti?"

"Pakhonde."

"Sanakambe?"

"Anayamba. Ndinamukwezera chala."

Azakhali anatambasula dzanja n'kukankha mbale zija pang'ono kulozetsa kwa ine. Pang'ono pokha, koma ndinaona. Ndinakumbukira a Tembo akundigwira dzanja ku tchalitchi, ndi Limbikani amene tsikulo sanapite kuntchito, akudikira foni.

"Manje ise tipeleke mwana wathu ku banthu bamene mukazi aona vinthu vionongeka, ankhala chabe zii?" anatero azakhali. "Mutale wathu akamba maningi. Naye muzamukwezela chala?"

Sindine wa mawu ambiri, ndipo ochepa amene ndinali nawo anali owawa kuwatulutsa.

"Amayi, mnyamatayu si mwana wanga, sanakulire pakhomo panga. Atate ake sagula ngakhale penti wa geti osafunsa akazi awo. Ndinawapangira geti ndine, tinasintha mtundu katatu. Chitsiru m'nkhani iyi n'chimodzi, ndipo chagwada pamaso panu. Mwana wanu akadzaona soda, adzakuwe."

Chibadwire sindinadzitchulepo chitsiru pamaso pa anthu. Sindikufuna kudzabwerezanso.

Anayamba kuseka ndi akazi a a Mulenga, atabisa nkhope m'chitenje. Kenako a Mulenga, mpaka kutsokomola. Azakhali sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakokera mbale kwa iwo, nsalu ya zala zanga ndi zonse.

"Talandila. Koma ulendo wina mubwele na bamake Tisa. Ni beve tizakamba nabo." Anatembenukira kukhitchini. "Letani nyuzipepala, ba shibukombe baikepo mwendo."

Tiyi ndinamwa phazi lili pa nyuzipepala. Pobwerera ndinaima kawiri kuwonjezera oyilo. Ndinaimbira a Tembo ndili pamsewu kuti khomo latseguka, ndipo ndinamva nthungululu m'foni. Za mwendo sindinawauze. Anazimva okha Lamulungu, pamodzi ndi mpingo wonse.

Zokambirana zotsatira zinali zitatu. Ulendo uliwonse amake Tisa ankakwera kumbuyo kwanga, atakweza chitenje mbali yakumanja kuopa oyilo. Akafika ankakhala pa sofa ndi azakhali aja n'kumacheza ngati anabadwa mimba imodzi. Ine ankandiikira mpando pafupi ndi chitseko. Ukwati unachitika, unali wabwino, ndipo anawo akukhala mwamtendere ku Chilenje. Akakangana amaimbira amake Tisa. Koma nkhoswe ndine, zimenezo zisasokonekere.

Kava ina ndinaipeza patapita miyezi, yakale, yachikasu kuposa yoyamba ija. Ndinaimanga momwemo. Sindinaikwechese.

Tisa, mwana wanga woyamba, anandifunsa tsiku lina kuti, "Adadi, pa zonsezi munaphunzirapo chiyani?" Amake anali pomwepo, khutu lili tcheru.

Ndinati ndinaphunzira kuti aluminiyamu si chitsulo.