Mpala wa Sikani ya Ubongo

Sindikonda kusekedwa. Koma poti Ndirande yense anaseka kale, imvani kwa mwiniwakene.

Dzanja langa lamanja linayamba kunjenjemera lokha. Ine mmisiri wa mbaula ndi zidebe, nyundo n'kumaphonya! Ndinkalibisa m'thumba la jekete. Ankadziwa ndi mayi a kunyumba okha. Kuchipatala adokotala anandiyendetsa uku ndi uku, nati akuganizira matenda a Parkinson, ndibwerenso adzaunike ubongo ndi sikani.

Sindinafunse zambiri (mwamuna safunsafunsa). Ndinaganiza ndekha kuti makina sangaone ubongo kudutsa tsitsi. Ndinapita kometetsa, imvi zanga za seda, zimene ndinazisamala chikwatirireni, zonse pansi. Mpala psiti.

Tsikulo adokotala anangondipaka mafuta ozizira pafupi ndi khutu, n'kukanikizapo kachida konga sopo. Tsitsi silinawakhudze n'komwe. Namwino anawonjeza kuti makinawo ndi mtundu womwewo woyezera amayi apakati. Ndinauma thupi. Pagalasi la makinawo adokotala anandionetsa kadontho kowala mkati mwa ubongo, nati pamodzi ndi mayendedwe angawo, nthenda ndi yomweyo.

Pobwerera, nditangotsika minibasi, ndinakumana ndi a Nachisale, oyandikana nafe nyumba. Ataona mutu wangawo anagwada. Paja kwathu mkulu akameta chonchi ndiye kuti kwagwa zovuta.

"Pepani bambo. Watisiya ndani?"

Kunena kuti ndikudwala? Ine? Ndinayankha kuti achimwene a ku Phalombe.

M'mawa mwake ndinamva nyimbo ya maliro ikukwera njira yathu. Amayi a kumpingo, nkhuni pamutu, abusa pambuyo. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, n'kukawayalira mikeka (chifundo analibe). Abusa ali pakati potamanda malemu, foni yanga inalira. Wina anali ataimbira kale kumudzi kupepesa. Dzanja lija pofuna kuizimitsa linadina pokweza mawu.

"Iwe," anatero achimwene, khonde lonse likumva, "ndamva kuti ndamwalira. Mwandiika kuti?"

Nyimbo inathera pakamwa. Ndinaimirira, n'kutulutsa dzanja m'thumba, onse alione likuvina. Ndinawauza dzina la nthendayo. Abusa anatseka buku, nati poti abwera kale, apempherere wamoyo.

Mankhwala ndikumwa, nyundo ndikugwira pang'onopang'ono. Mayi a kunyumba amati ndaphunzirapo kunena zoona. Ine chimene ndaphunzira n'chakuti wonama asankhe m'bale wopanda foni.