Buluku la m'magazini kwa amalume a Asiyatu

Anzanga, zithunzi musamazikhulupirire. Ine zinandionetsa zakuda, mpaka lero ndikamadutsa padoko asodzi amayamba kutsokomola.

Zinayambira kometetsa pa boma, komwe ndinapeza magazini ya amuna, ija ya masamba onyezimira. M'katimo abambo okhaokha, ndevu zodulidwa mwaluso, buluku lothina lolekeza pamwamba pa akakolo, nsapato popanda sokosi. Wometa uja akuti, "Mwamuna wamakono ndi ameneyu achimwene, inu mukuvalabe matumba a chimanga." Zinandilasa mtima. Paja Loweruka lakelo ndimakaonekera kwa amalume a bwenzi langa Asiyatu, Che Saidi, munthu woti akangoti ayi, ukwati wafera pompo.

Ndinang'amba tsamba lija mwakabisira, ulendo kwa telala ndi buluku langa la pa Idi. Telala anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ntchafu zangazi, akuti, "Kodi kumeneko simukakhala pansi?" Ine, "Dulani bambo, fashoni simuidziwa inu."

Loweruka ndinalivala chogona, ndikupuma ngati ndakoka bwato. Pa kabaza mwendo unakana kukwera, ndinakhala chammbali, anthu padepoti kufa nazo nseko. Nanga nsapato zopanda sokosi m'dzuwa la Salima? Pofika kumudzi matuza awiri, mchenga uli tho m'nsapatomo, ndikuyenda ngati bakha.

Ndinapeza Che Saidi pakhonde akusoka ukonde, abale awo atakhala pamkeka, mpando ngakhale umodzi ayi. Nditavula nsapato, mphaka amene anagona pamenepo anadzuka n'kusamuka. Ndinapereka salamu chiimirire, onse kungondiyang'ana. Mkamwini wanji wolonjera akulu ali njo ngati mtengo wa magetsi? Asiyatu pazenera akunditsinzinira kuti tsikani pansi inu. Ndinati bisimila, n'kuyamba kunjuta pang'onopang'ono.

Kwaaa!

Kuchokera pa lamba kumbuyo mpaka kutsogolo, abale anga! Kamphepo ka kunyanja ndinakamva malo amene sikanafikeko chibadwire. Manyazi anandigwira, thukuta kamukamu, mumtima ndinati basi, Asiyatu uja wapita.

Che Saidi sanaseke n'komwe. Anangoitana mayi ake a Asiyatu, "Chemwali, tawabwerekani chitenje alendowa." Ndinayenda chafutambuyo kukasinthira kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, n'kubwerako nditamanga chitenje cha maluwa ofiira, pamwamba jekete ndi tayi. Nkhani yonse yofunsira mkazi ndinaikamba choncho, Che Saidi ali kalikiliki kusoka buluku langa ndi ulusi wa ukonde, azimayi kukhitchini akulira ndi nseko.

Atamaliza analitambasula m'mwamba, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi nsalu inatha m'sitolo, kapena ndi la mng'ono wanu?"

"Ndi fashoni, amalume."

"Oo, fashoni." Analipinda bwinobwino n'kundipatsa. "Ine ndimayesa muthawa. Munthu woti zamuchitikira zotere n'kukhalabe pamkeka, za m'banja adzazipirira. Mkazi tikupatsani. Koma tsiku la nikha, pomanga ukwatiwo, mudzavale kanzu, mkanjo wautali uja, anthu adzadye mpunga mwamtendere."

Ndinaomba m'manja mwaulemu, dzanja lina likuthamangira kugwira chitenje chisamasuke.

Walahi, kuyambira tsiku limenelo buluku lililonse ndimayamba ndanjuta nalo katatu pamaso pa wogulitsa. Likangolira, ndimalisiya pompo.