Boti la Kumapeto m'Khola la a Sigvart

Pachilumba chathu cha Skarvøy, munthu ukafuna kudziwa ngati ndiwe wanzeru kapena chitsiru, sunkafunsa abusa kapena akunyumba kwako. Unkangodikira mwezi wa Okutobala, n'kukaona pamene malemu a Sigvart Nesvik aimika boti lako m'khola mwawo.

Kholalo linali la ng'ombe kalekale, lalitali, lopanikiza, la khomo limodzi. Chisanu chikayandikira, maboti onse ang'onoang'ono a pachilumba, makumi awiri ndi atatu, ankavuulidwa n'kukwezedwa pangolo zake, ndipo a Sigvart ankawalowetsa chambuyo ndi thirakitala yawo, lina pambuyo pa linzake. Loyamba kulowa ndilo linkatsiriza kutuluka. Ndiye madalawo sankatulutsa onse tsiku limodzi ayi. La pakhomo linkaona dzuwa mu Epulo, mafunde akadali olusa. La kumapeto linkatuluka kumathero a Juni, nyanja itafatsa moti ngakhale beseni lingawoloke. Boti lililonse limene iwo aona kuti silingalimbe kunja kwa zilumba, kunyanja yeniyeni, linkapita kumapeto, ndipo apilo kunalibe.

Mufunsa kuti bwanji osakasunga kwina? Thirakitala pachilumba inali imodzi yomweyo, khola lokwana ngolo linali lomwelo, ndipo mphepo ya kuno mu Januwale imanyamula boti losiyidwa panja n'kukalitula kwa aneba. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Muyeso wawo unali bondo. Ankakwera m'boti lili pangolo, n'kuima chilili pakati. M'mbali mwa boti mukalephera kufika pabondo pawo, mlandu watha. Tsoka lake, a Sigvart anali ndi miyendo yaitali kuposa aliyense pachilumba, moti ena ankadandaula kuti akanakhala wamfupi, tonse tikanakhala amalinyero.

Chaka china kunabwera dokotala wa mano wa m'tauni, amene anagula nyumba yopumirako patchuthi. Boti lake linali lonyezimira, lathyathyathya, injini yake kukula kuposa mwini wake.

"Achikulire, limeneli limathamanga zoopsa," anatero dokotala.

"Limathamangira kuti? Pansi?"

"Analipanga ku Italy, inu!"

"Ndiye kaliyendetseni komweko. Kuno likhala kumapeto."

Dokotala anapsa mtima n'kukaliimika paudzu kunyumba kwake. M'botimo munalowa mvula, madziwo anaundana ndi kuzizira, boti linang'aluka m'mimba. Chaka chotsatira anafika ndi lina, chipewa chili m'manja, akufunsa mwaulemu ngati kumbuyo kuli kamalo.

Abusa nawo sanapulumuke. Boti lawo linali lamatabwa, lolimba, lopitirira bondo, koma linkakhala pafupi ndi kumapeto chaka ndi chaka.

"Boti lilibe vuto, abusa. Vuto ndi inu," anawauza a Sigvart. "Injini ikazima mumayamba ndi pemphero. Ine ndimafuna munthu woyamba ndi nkhafi. Pemphero muzinena mukupalasa."

Koma amene nkhani ya kholali inawawawa kufika pamtima ndi mayi Magnhild, amene anakhala m'kalasi imodzi ndi a Sigvart kuyambira ali tiana. Banja la mayiwa lili ndi kachilumba kakunja kotchedwa Ytterholmen, ulendo wa ola lathunthu panyanja yopanda pobisala, kumene akhala akutola mazira a mbalame za m'nyanja chiyambire makolo. Nyengo yake ndi yaifupi, masabata awiri oyamba a Meyi. Ukachedwa, upeza anapiye. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu a Magnhild ankapita kumeneko ndi amuna awo, a Reidar, amene ankayendetsa, ndipo boti lawo silinkaphonya pakhomo pa khola. A Reidar atamwalira ndi matenda, Okutobala wotsatira boti lomwelo linakaimikidwa kukhoma la kumapeto kwenikweni, kuseri kwa la dokotala.

"Sigvart! Wayamba misala? Boti ndi lomwelija!"

"Boti ndi lomwelija, koma woyendetsa ali kumanda."

"Ndiyendetsa ine!"

"Iwe? Zaka zonsezi umakhala kutsogolo utayang'ana kumbuyo, ukuthira khofi. Nyanja umaidziwa ndi msana wokha."

A Magnhild anapita kwawo atakwiya kwambiri, makamaka chifukwa zinali zoona. Meyi anafika, mbalame zinaikira, zinaswa, iwo ali pawindo. Mazirawo si kuti ankawakhumba kwambiri. Chinkawapweteka n'chakuti maliro amodzi anawalanda zinthu ziwiri, mwamuna ndi kachilumba, pamene chachiwiricho chinalipobe, chikuoneka kutali kukacha bwino.

Chaka chachiwiri anayesa ziphuphu. Anaphika makeke a nsomba mbale yodzaza n'kukapereka m'mawa wa tsiku lovuula maboti. A Sigvart anadya onse, ananyambita zala, anayamikira kuti mchere wakwana bwino, n'kukaimika boti kumapeto.

Chaka chachitatu anachenjera. Anabisa boti kuseri kwa thanthwe mpaka onse makumi awiri ndi awiri atalowa, kenako n'kutulukira padoko monga munthu wosadziwa kanthu.

"Pepa ndachedwa. Ungoliika pakhomopo, usavutike."

A Sigvart anawayang'ana, anayang'ana khola, anakwera thirakitala. Anatulutsa maboti onse, limodzilimodzi, kuwandandalika mumsewu mpaka pasitolo, anthu akusowa podutsa, kenako n'kulowetsa la a Magnhild, n'kubwezera ena onse. Ntchitoyo inadya tsiku lonse. Chilumba chinaseka mpaka Khirisimasi.

Chaka chachinayi a Magnhild anauza mmisiri kuti akweze m'mbali mwa boti ndi thabwa lina lonse. A Sigvart atakwera, m'mbalimo munafika pantchafu.

"Lapitirira bondo! Nena tsopano!"

"Lapitirira. Koma tsopano lalemera pamwamba."

"Wabodza iwe! Ukungondida!"

Apa a Sigvart anatsika pang'onopang'ono, ndipo sanaseke.

"Magnhild, tinali khumi ndi awiri m'kalasi muja. Atatu nyanja inatenga, ndipo awiri ndinawavuula ine ndi manja angawa. Ndatopa kunyamula anthu amene ndinkabera nawo masamu. Undide, koma undide uli pamtunda."

 Koma kuuma mutu kwa anthu a m'kalasi imeneyo kunali kofanana. Kuyambira Juni wotsatira, boti likangotuluka, a Magnhild ankakhala pamadzi tsiku lililonse. Anaphunzira kumasula injini n'kuimanganso, atavala magalasi owerengera. Anaphunzira kulandira funde ndi mphuno ya boti. Kukakhala kamphepo, ankayenda chokwera ndi chotsika pamaso penipeni pa windo la a Sigvart, ndipo katani inkagwedera ngakhale mwini nyumba ankalumbira kuti saona kanthu. Zaka ziwiri zinapita choncho, boti likubwererabe kukhoma lake.

Tsiku lina mu Seputembala, nyanja itachita thovu, a Magnhild anakawagogodera a Sigvart.

"Vala jekete. Tikupita."

"Kuti?"

"Ukandione ndi maso, osati kudzera m'katani."

A Sigvart anakhala kutsogolo, mawondo atafika m'makutu, atayang'ana kumbuyo, malo amene mayiwo anakhalapo zaka zonse zija. Atatuluka kunja kwa zilumba, mafunde anayamba kubwera akuluakulu. A Magnhild ankachepetsa moto, kukwera, kutsika, kuwonjezeranso. Kenako anazimitsa injini dala, anagwira nkhafi, anaongola boti, n'kuilizanso. Madalawo ananyowa mpaka m'makutu. Atafika padoko anatsika, anafinya chipewa, n'kunena kuti, "Khofi wako anali wozizira." Basi, n'kumapita.

Okutobala atakwana, a Magnhild anafika m'mawa monga mwa masiku onse, mtima utakonzeka kale kukhumudwa. A Sigvart anakoka la dokotala, anakoka la abusa, anakoka ena onse, la mayiwo akungolidutsa ngati sakuliona. Dzuwa litapendeka linatsala lokha. Analikankhira pakhomo penipeni, n'kuzimitsa thirakitala. A Magnhild anasendera pafupi.

"Sigvart, ndiye kuti chiyani?"

"Khosi langa lauma. Sindingathenso kuyang'ana kumbuyo."

"Walowetsa makumi awiri ndi awiri chambuyo ndi khosi lomwelo!"

"N'chifukwa chake lauma. Usandifunse zambiri." Anatseka chitseko, n'kulankhula atafulatira. "Mphepo ikachokera kumpoto chakumadzulo, ubwerere, ngakhale utaona mazira agolide. Wamva?"

"Ndamva."

"Sunamve. Sunkamva ngakhale kusukulu."

A Magnhild anaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo madalawo ananamizira kulimbana ndi loko.

A Sigvart anatisiya mu Febuluwale, atadwala sabata imodzi yokha. Tchalitchi chinadzaza, dokotala wa mano anachita kubwera kuchokera m'tauni, ndipo abusa polalikira anavomera okha kuti tsopano amayamba ndi nkhafi. Mwana wamkazi wa a Sigvart ndiye anatsala ndi khola ndi thirakitala. Ndi munthu wabwino, sakana aliyense. Masiku ano maboti amalowa monga afikira, amatuluka onse Loweruka limodzi, palibe wokangana. Zinthu zikuyenda mwachilungamo kuposa kale, koma zoona zake n'zakuti padoko sipakomanso. Munthu umakankhira boti m'madzi osadziwa ngati ukuyenera, ndipo palibe wokutukwana chifukwa chofuna kuti ubwerere wamoyo.

M'sabata yoyamba ya Meyi, a Magnhild ananyamuka okha m'mawa, mphepo ikuchokera kumwera. Anafika ku Ytterholmen patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Mbalame zinawalandira ndi phokoso lomwelija, njira ya m'miyala miyendo inaikumbukira yokha. Anakhala pansi kaye n'kulira mokwanira, kenako anatola mazira ndowa yodzaza.

Masana analowa padoko bwinobwino, osagunda paliponse, mtima ukudumpha ngati wa mwana wakhoza mayeso. Anayang'ana kukhola. Chitseko chinali chotsegula, thirakitala itaima payokha.

Anatenga chingwe n'kumanga boti dala mfundo yachibwana, yoti kamphepo kalikonse kangamasule, n'kuima pambali kudikira. Anadikira ndithu. Palibe amene anakuwa kuchokera kumtunda. Ndiye anagwada, anamasula, n'kumanganso mfundo yoyenera, akung'ung'udza okha mawu onse amene anayenera kuwamva kwa a Sigvart.