Kawindo ka Utsi

Chitseko cha kukhitchini kwanga chili ndi mabowo awiri, lina m'munsi, lina m'mwamba. La m'munsi amadutsira mphaka. La m'mwamba palibe amadutsira, kupatula mphepo ya ku Glasgow kuno, yomwe siidikira kuitanidwa. Anthu akafunsa ndimangoti ndi nkhani yaitali. Lero ndiinena yonse, mwina mtima upepukeko.

Ine ndine injiniya (ndikuulula msanga kuti museke mokwanira). Ntchito yanga ndi yoyeza milatho ngati ikadali yolimba. Ndimakhala ku Springburn, m'nyumba yomwe tinalowa mwana wathu Tadala ali ndi zaka zisanu. Mkazi wanga anatisiya chaka chatha ndi matenda a khansa. Anandisiyira mwana mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tsopano, komanso mphaka wotchedwa Nyemba.

Ine ndi Nyemba sitinamwerane madzi chiyambire. Kwathu ku Dedza mphaka ndi wa kunkhokwe, amadya chomwe wagwira, ndipo akakuyang'anitsitsa kwambiri anthu amayamba kufunsa kuti ndi wa ndani. Koma malemu ankamukonda, ndipo ndi iwo ankamutsekulira chitseko kakhumi pa tsiku osadandaula. Iwo atapita, ulonda wa pakhomo unasowa mwini. Tsiku lina mu Novembala ndinathamangira kuntchito nditamutsekera panja. Kunagwa mvula ya matalala tsiku lonse. Tadala pochokera kusukulu anamupeza kuseri kwa bini, akunjenjemera ngati kansanza.

Madzulo amenewo anandiyankhula m'Chingerezi chake chothamanga cha kuno, chomwe ndimamva bwino pokhapokha akakwiya.

"Dadi, mukadzamuchitanso zimenezi ndikakhala kwa anti Esinati."

Sikunali kuopseza kwa mwana. Esinati ndi mng'ono wake wa malemu, amakhala ku Govanhill, ndipo chichokereni kumanda wakhala akunena kuti mwana wamkazi saleredwa ndi mwamuna yekha. Chipinda anakonza kale. Ine ndinachita mantha, mantha enieni, chifukwa nyumba imeneyi popanda Tadala ndi makoma chabe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinakagula kachitseko ka mphaka, kaja kapulasitiki koonekera ngati galasi, komwe mphaka amakankha ndi mutu polowa ndi potuluka.

Tsopano mumve za chitseko chenichenicho. Ndi chathabwa, chimatulukira kuseri kwa nyumba. Mkati mwake, tsiku lililonse lobadwa la Tadala, mayi ake ankamuimika pamenepo, n'kulemba mzere ndi pensulo pamwamba pa mutu wake, n'kulembapo zaka. Mizereyo inkakwera chitseko ngati makwerero. Wotsiriza anaulemba akudwala kale, ine nditawagwira m'chiuno. Pambali pake analembapo kuti, "Tadala, zaka 15. Wandipitirira."

Loweruka Tadala anapita m'tauni ndi anzake. Ndinati akamabwera apeze zonse zatha, aone kuti bambo ake amamva. Kapepala ka malangizo kankati mutha kuboola chitseko chili chiimire, koma injiniya samvera kapepala. Ndinamasula mahinjesi, ndinatulutsa chitseko panja, ndinachigoneka pa mipando iwiri. Mbali ya mizere ndinaiyang'anitsa pansi, nditayalapo thaulo kuti isakandike (gwirani mfundo imeneyi, ndi nzeru yokhayo yomwe ndinachita tsiku limenelo). Ndinamata pepala la muyezo, losonyeza poboola, kumunsi kwa chitseko, kutali ndi mizere yonse. Nyemba ndinamutsekera kuchipinda cham'mwamba kuti asathawe phokoso.

Nditangolumikiza sowo yamagetsi, belu la kumaso linalira.

Anali a Mbewe ndi akazi awo. A Mbewe ndi mkulu wa mpingo wathu, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene anabwera kuno kutsatira ana awo. Ku Malawi anali kalipentala, anaphunzitsa ntchitoyi anthu ambirimbiri. Ndi iwo anayamba kufika kuchipatala tsiku lija, ndi iwo anandigwira phewa kumanda. Chiyambire maliro amabwera kudzandizonda osaimba foni, monga timachitira. Munthu wotere sumuuza kuti wafika nthawi yolakwika.

Tinalonjerana mpaka kufunsana za ku Dedza ndi ku Ntchisi komwe. Kenako mphepo inawomba kuchokera kukhitchini, makatani n'kuuluka.

"Bambo a Tadala, kodi akuba anyamula chitseko?"

"Ayi abambo, ndikukonzako pang'ono."

Kalipentala akamva mawu oti kukonza, matako samukhazikika. Anadzuka, ine pambuyo, mayi Mbewe pambuyo panga. Podutsa pa tebulo ndinakankhira katoni ya kachitsekoko pansi, chifukwa inali ndi chithunzi cha mphaka wonenepa akumwetulira.

Apa ndiulule tchimo lakale. Masiku a maliro, Nyemba anakhala pa mpando wa malemu masiku atatu osasuntha, akuyang'ana aliyense wolowa. Amayi a mpingo ananong'onezana. Mayi Mbewe anandikokera pambali n'kundiuza kuti chinyama chimenechi sichikuwasangalatsa, ndichichotse. Ine, mutu uli zii, ndinati chabwino mayi, ndichichotsa. Kuyambira pamenepo akabwera ndinkamubisa mphakayo ngati botolo la mowa.

A Mbewe anatola kachitseko kapulasitiki kaja, n'kukatembenuza uku ndi uku, n'kukakankha ndi chala.

"Nanga aka n'kachiyani?"

Abale anga, yankho lake linali mawu awiri okha. Ka mphaka. Koma ndinaona m'maganizo mwanga nkhani ikuyenda m'mpingo monse, kuti bambo uja wasokonekera ndi chisoni, akuboolera mphaka chitseko, mphaka yemwe analonjeza kuti amuchotsa. Pakamwa panga panayankha pokha.

"N'kawindo, abambo. Kotulutsira utsi ndi nthunzi. Khitchini ino imachita chinyezi."

"Oo! Nzeru zimenezo," anatero a Mbewe. Kenako anayang'ana pepala la muyezo lija, nkhope n'kusintha. "Koma a injiniya, utsi umapita pansi kuyambira liti?"

Mayi Mbewe anaseka mpaka kugwira khoma. Inenso ndinaseka (kuseka kwa munthu amene waponda pa minga pamaso pa apongozi). A Mbewe anamatula pepalalo mosamala, n'kuyenda nalo kumutu kwa chitseko, n'kulimata pamenepo. Anavula jekete, n'kupatsira akazi awo, n'kupinda manja a malaya.

"Inu za milatho, ife za matabwa. Tandipatsani sowoyo."

Musaganize kuti ndinaiwala za mizere ija. Ndikanakonda ndikanaiwala, bwenzi ndikudzikhululukira. Mutu wanga umayeza wokha ngakhale ndisakufuna. Ndinayang'ana pomwe panali pepalalo, ndinawerengera kuchokera kumunsi, ndipo ndinadziwa bwinobwino chomwe chinali kuseri kwake, pamwamba pa thaulo langa lija. Ndinatsekula pakamwa.

"Abambo, mwina tikanati..."

Nthawi yomweyo kum'mwamba kunamveka kulira kwa Nyemba, kwakutali koma komveka. Mayi Mbewe anatukula mutu.

"Kodi chija cha malemu munachichotsa?"

"Kalekale, mayi. Ameneyo ndi wa aneba."

Tambala sanalire, koma ndinamumva. Nditakana kawiri chotero, njira yobwerera inali itatsekeka, kapena ndinadziuza choncho. A Mbewe anaboola pa ngodya zinayi, analowetsa sowo, ndipo ine, bambo wa mwana, ndinawagwirira chitseko kuti chisagwedezeke. Ndinachigwira mwamphamvu ndithu. Mawu okhawo omwe ndinatulutsa sowo ili pakati anali akuti, "Pang'onopang'ono, abambo." Iwo anati ndisadandaule, dzanja lawo silinaphonyepo mzere.

Kathabwa kanagwera pa udzu. Sindinakayang'ane.

Kunena zoona, ntchito anaigwira bwino. Anapala m'mbali mwa bowolo, anamangirira kachitsekoko molunjika, tinabwezera chitseko pa mahinjesi ake. Anaona mizere ya pensulo ija mkati, koma kwa iwo zinali zolembalemba za ana, ndipo anandilangiza kuti ndidzapakepo penti. Anayatsa ketulo kuti tione nthunzi ikutuluka. Siinatuluke, chifukwa kachitsekoko kamafuna mutu wokakankha, koma a Mbewe anati kakadali katsopano, kafewa.

Tinali pa tiyi pamene Tadala analowa. Anagwada n'kuwapatsa moni alendowo m'Chichewa, monga anamuphunzitsira mayi ake, mayi Mbewe mpaka kumuyamikira kuti mwanayu analeredwa. Kenako anapita kukhitchini kukamwa madzi. Ndinamva mpopi ukutsekulidwa. Sindinamve ukutsekedwa. Ndinamva chitseko chakuseri, kenako zii.

A Mbewe anati tipemphere asananyamuke. Anapempherera nyumba ino, kuti Mulungu atseke mipata yonse yomwe mdani angalowere. Ine maso anali otsekula, ndikuyang'ana pa windo. Tadala anali atagwada pa udzu wonyowa, akupukuta utuchi pa kathabwa kaja ndi mkono wa juzi yake.

Alendo atapita ndinamupeza ataima pa chitseko. Mizere inakwera bwinobwino, zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, mpaka khumi ndi zinayi. Pamwamba pake panali pulasitiki, kunja kukuonekera. Ndinayamba kufotokoza, zautsi, za mayi Mbewe, za anthu a kumpingo. Anandisiya ndimalize.

"Inuyo munalipo?"

"Ndinalipo."

"Munkadziwa kuti zili kuseri kwake?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye simunanene kanthu?"

"Mwanawe, a Mbewe ndi akulu. Anatichitira zambiri. Sizikanatheka kuti..."

Sanakuwe, sanamenyetse kanthu. Ndikanakonda akanatero. Anasiya Chingerezi chake, n'kundiyankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga.

"Amami akanawauza."

Ndipo ndi zoona. Mkazi wanga akanagwada, akanawaseketsa, akanawauza kuti abambo, kameneka n'ka mphaka wanga, ndipo a Mbewe akanapukusa mutu n'kuboola m'munsi. Mwina akanatinena mlungu umodzi, basi. Ine ndinaopa mlungu umodziwo. Amati manyazi anapha lambe, koma lambeyo anafa yekha, sanaphe za mwana wake.

Lamulungu masana Esinati anabwera ndi galimoto. Sananene zambiri, zomwe zinandiwawa kuposa akanalalata. Tadala anatenga masutikesi awiri ndi kathabwa kaja, atakakulunga mu mpango wa mayi ake. Nyemba anamusiya, chifukwa eni nyumba ya ku Govanhill salola ziweto. Tinatsala awiri, ine ndi mdani wanga wakale, tikuyang'anizana m'khitchini, kachitseko ka m'mwamba kakuchita phaphapha ndi mphepo.

Mlungu womwewo ndinakagula kachitseko kena. Ndinaboola m'munsi, ndekha, chitseko chili chiimire monga kanenera kapepala. Zinanditengera mphindi makumi atatu. Nyemba anakana kudutsapo masiku asanu, mpaka ndinagwada pansi n'kumakankha kachitsekoko ndi mutu wanga kuti aone (aneba anaona, koma manyazi anali atandithera pa zinthu zolakwika). Bowo la m'mwamba sindinalitseke. Ndikati ndilitseke, ndimaona ngati ndikubisa umboni.

Papita miyezi inayi. Tadala amabwera Loweruka lililonse, amati kudzaona mphaka. Ine ndimavomereza, ndipo mphakayo ndimamusamala ngati mpongozi. Amadya nsomba ine ndikudya buledi. Akachedwa kulowa ndimaima pakhomo n'kumaitana dzina lake mokweza, Springburn yense akumva, chifukwa ndikudziwa kuti tsiku lomwe Nyemba adzasowe, basi ya Loweruka idzasiya kuima pa siteji yathu.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo. Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, a Mbewe anandigwira dzanja n'kufunsa ngati kawindo kaja kanafewa. Anandiyang'ana ndi maso achikondi, akudikira kumva kuti anathandiza. Ndinati kakugwira bwino ntchito, abambo, chinyezi chonse chinatha.

Dzulo linali tsiku lobadwa la Tadala. Linagwera Loweruka, ndiye anabwera. Ndinali nditasongola pensulo m'mawa, ndinaiika m'thumba la malaya. Ataweramuka pomwe ankasisita Nyemba, anaima chotsamira chitseko, msana uli pa mizere ija, osadziwa kapena akudziwa, sindinganene. Msinkhu wake wapitirira pakati pa bowo lija, koma pambali pake thabwa lilipo lokwanira mzere umodzi ndi mawu angapo. Anakhala choncho kanthawi, akundiyang'ana. Dzanja langa linafika pa thumba. Mawu oti ndinene analinso ochepa, ongoti taima bwino ndikuyeze.

Ndinamufunsa ngati wadya.