Nkhoswe Amene Ndinakatenga ku Chazanga

Mpaka lero amayi akamandituma mchere amawonjezera kuti, "Mchere chabe. Osabwera na munthu." Azing'ono anga amaseka, ine ndimangotuluka. Pajatu tsiku lina ndinabweradi ndi munthu.

Atate anali mesenjala ku ofesi ina ya boma mpaka pamene anamwalira. Inali nthawi imene mtengo wa ufa unkasintha munthu asanafike kutsogolo kwa mzere, ndipo tomato amene amayi amagulitsa pamsika wa Chawama sakanatha kundilipirira mayeso. Tonse tinkayang'ana ku penshoni ya mkazi wamasiye. Koma ku ofesi ya penshoni anatiuza lamulo: popeza makolo anga anakwatirana pachikhalidwe, popanda chikalata, pafunika nkhoswe abwere adzalumbire kuti amayi analidi mkazi wa malemu.

"Ankhoswe athu ali kumudzi ku Katete," amayi anatero tikutuluka. "Tizayembekeza akolole, apeze ya basi."

Akolole! Chimanga chinali chikadali m'mawondo, pamene tsiku lotseka kulipira mayeso linali pakhomo.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti pamaliro a atate panaimirira mkulu wina wa ku Chazanga, a Tembo, n'kunena kuti, "Ine ndine n'nali nkhoswe wa malemuyu." Ndinadabwa kuti amayi angaiwale bwanji munthu wapafupi chonchi, koma ndinati n'chisoni. (Kusukulu ndili m'kalabu ya mtsutso, choncho maganizo anga ndimawakhulupirira kwambiri.) Ndinasankha kusawauza, kuti adzangoona okha phindu lophunzitsa mwana wamkazi.

Loweruka ndinati ndikupita kukwaya, koma ndinakwera minibasi ya ku Chazanga. A Tembo ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde pawo.

"Agogo, munalidi nkhoswe wa atate?"

"Nanga ndani wina? Nkhuku ya chikwati n'nanyamula ine, na manja aya!"

Funso langa linali labwino, yankho lawonso linali loona. Funso lachiwiri, lakuti ukwati wake uti, silinandifike m'mutu.

Tsiku limene amayi anabwerera ku ofesi kukapempha kuti atidikire, tinapeza a Tembo atakhala kale pabenchi, atavala jekete ndi tayi. Amayi anaima chilili.

"Iwe, aja ba Tembo afuna chani kuno?"

"Ndawaitana ine, amayi!" ndinatero, mano onse pamtunda.

Amayi anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo dzina lathu linaitanidwa. Tinalowa tonse atatu kwa kalaliki, mayi wa magalasi amene sankakweza mutu polankhula.

"Ba mboni, mubadziwa akazi a malemu?"

"Maningi!" anatero a Tembo. "Ba Esnati. Batali, boyera, ba mpata pamano."

Amayi anga ndi afupi, akuda, mano awo ndi othithikana ngati chimanga cha chaka chabwino, ndipo dzina lawo ndi Tisauke. Kalaliki uja anakweza mutu koyamba.

"Nanga aba?"

A Tembo anawayang'anitsitsa amayi mwaulemu. "Aba n'nabaona pamaliro, benze kuphika. Ndiwo zinali bwino."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinaimirira monga timachitira pamtsutso, dzanja limodzi kumbuyo, n'kufotokoza m'Chingerezi kuti mboniyi ndi yokalamba ndipo maso ake sakuonanso bwino. Sindinkadziwa kuti a Tembo Chingerezi amachimva.

"Maso yanga? Ine nilowetsa ulusi mu singano tsiku lililonse, mwana iwe!"

Pofuna kutsimikiza kuti mutu wawo ukugwira, anatchula mudzi wa a Esnati, malume awo, ngakhale mtundu wa nkhuku ija. Kalaliki analemba zonse. Kenako anatseka fayilo n'kunena kuti tsopano pakufunika zinthu ziwiri: nkhoswe weniweni wa amayi, ndi umboni wakuti ukwati woyamba unatha. Apo ayi, mkazi wamasiye ndi Esnati.

M'minibasi, titalowa mumsewu wa Kafue, amayi anatembenukira kwa ine.

"Unaganiza kuti sinibadziwa ba Tembo?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Anandiuza kuti atate anakwatirapo ine ndisanabadwe, ukwatiwo sunakhalitse, ndipo nkhaniyi ankaidziwa aliyense, ngakhale mayi wogulitsa makala pafupi ndi kwathu. Wosadziwa ndinali ine ndekha, wa kalabu ya mtsutso.

"Wayamba iwe, uzatsiriza iwe," anatero.

A Esnati amagulitsa zitenje ku Kamwala. Amayi anandiperekeza, koma anaima patali, manja atapinda. Ndinagwada pakati pa mabelo, anthu akundilambalala, n'kufotokoza zonse. Ndinkaopa kuti akamva za penshoni aifuna. Iwo anaseka mpaka mpata uja ndinauona bwinobwino.

"Uja n'namusiya neka! Nikadye ndalama yake kuti azinibwerera kutulo? Awe. Tisauke, bwera kuno, uleke kuimirira monga wapolisi. Uyu mwana ni wako? Nzeru ni za atate ake."

A Esnati anabweradi ku ofesi kudzalumbira, ndipo anatenganso a Tembo omwewo, amene anachitira umboni kuti pothetsa ukwatiwo analiponso, mpaka pogawa mapoto.

"Nanga tsiku lija simunakambe bwanji?" anafunsa kalaliki.

"Palibe ananifunsa," anatero a Tembo.

Ankhoswe a ku Katete anabwera atakolola, monga amayi ananenera poyamba. Koma fayilo yathu inali itabwerera kale pansi pa mulu, ndipo kuti ndilembe mayeso amayi anagulitsa njinga ya atate. Tsiku limene wogula anaikwera n'kukhota pangodya, palibe anandidzudzula. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Penshoni ikubwera, kalaliki akuti fayilo ikuyenda. Ine ndaphunzira kuti funso limodzi silikwana. Pano akufunanso umboni wa kubadwa kwa mng'ono wanga wotsiriza, amene anabadwira kunyumba, ndipo ndamva kuti ku komboni ya George kuli mayi wina amene amati ndiye anali mzamba wake. Amayi sindinawauzebe. Koma ulendo uno mafunso ndakonza awiri.